Zala Ziwiri pa Nsambo Zinayi

Nkhani ya lero ili ya inu amene mwayamba kuphunzira gitala ya besi.

M'chaka cha 1974, mumzinda wa Cape Town ku South Africa, Abdullah Ibrahim ndi anzake anajambula nyimbo yotchedwa "Mannenberg". Ambiri akumbukira malipenga a Basil Coetzee ndi Robbie Jansen, koma pansi pa malipengawo panali besi ya Paul Michaels, yoyenda mosatekeseka kwa mphindi zoposa 13. Ntchito ya besi ndiyo imeneyo, kusunga nthawi. Wabesi akatsimphina gulu lonse litsimphina naye, ndipo ovina abwerera kumipando.

Tsono kuyenda kosatsimphina kuchokera kuti? Kuchokera ku dzanja lamanja. Besi ili ndi nsambo zinayi, E, A, D ndi G, kuyambira yaikulu kufikira yaing'ono. Tsamiritsani chala chachikulu pa kabokosi kotola mawu kamene kali pansi pa nsambo. Zala zoimbira ndi ziwiri, mkombaphala ndi chala chapakati, ndipo ziyenera kulandizana monga miyendo ya munthu wa paulendo. Chala chapakati nchachitali, kotero chikonda kumveka koposa chinzake. Pendeketsani dzanja pang'ono kufikira khutu lisasiyanitse chala chimene chaimba.

Apa ndipo alakwa ophunzira ambiri. Iwo akola nsambo ndi kuikokera kunja ngati uta, ndipo nsamboyo pobwerera imenya timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala ndi kuchita phokoso. Musatero. Chala chingodutsa pa nsambo cholinga kwa inu, nichikapumira pa nsambo yaikulu yoyandikana nayo. Mukaimba A, chala chigwere pa E. Potero mawu atuluka onenepa, ndiponso nsambo imene simuifuna ikhala chete, pakuti nsambo za besi zikonda kung'ung'udza zokha. Mukasamukira pa D kapena G, chala chachikulu chitsike chidzakhale pa E kuti iyonso isalire.

Mphamvu siifunika. Amene anazolowera babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi, adziwa kuti iyo ifuna nyonga. Koma besi ya magetsi ili ndi makina okuzira mawu, ndipo kukoka kolimba kungobala matuza. Pafupi ndi khosi la gitala mawu ali ofewa, pafupi ndi pomangira nsambo ali olimba. Yesani ponseponse.

Poyamba dzanja lamanzere lingogwira khosi osakanikiza nsambo. Imbani A yokha, phazi likugunda pansi, kuwerenga mpaka 4 ndi kuyambanso, pang'onopang'ono, mphindi 10 tsiku lililonse. Mkono ukayamba kuwawa, lekani, muongole dzanja, mupume. Sabata yachiwiri onjezani D, ndipo posamuka penyetsetsani kuti chala chimodzi chisaimbe kawiri motsatizana.