Masokosi a ku Scotland ndi Masipoko a ku Chadiza

Mayi wina wa ku Scotland, amene anabwera ndi anzake a mpingo kudzacheza kuno ku Chadiza m'nyengo yozizira, ananena mawu amene akundiyabwabe mpaka lero. Tinali m'basi yochokera ku Chipata, iye atagwira tisingano tinayi, akuluka sokosi lofiirira. Anati amawamvera chisoni azimayi a kuno chifukwa moyo wawo wonse ndi khasu, mtondo ndi ndowa, alibe kantchito ka manja kongosangalatsa mtima ngati kake. Kwawo, anatero, ana akagona iye amakhala pampando wake n'kumapota ubweya wa nkhosa, ndipo ndi nthawi yokhayo imene palibe womuitana. Analankhula mokoma mtima, ndipo ndi zimenezo zinandipweteka. Wokutukwana umamubwezera, koma wokumvera chisoni pa chinthu chimene uli nacho amakusowetsa poyambira.

Akanatsika pa boma n'kukaima pa chipatala tsiku la sikelo, sakanalankhula motero. Mu June ndi July, mphepo ikamalowa m'mafupa, mzere wa ana obwera kudzayezedwa umachita kuwala ndi zoluka: tizipewa ta mphonje pamwamba, timasokosi tomanga ndi kachingwe pa kakolo, majuzi a mizeremizere, mashawelo oyera amene mayi amachapa payekha osasakaniza ndi chovala china. Zambiri mwa izi sizinatuluke m'sitolo. Ndipo pa benchi pomwepo, podikira kuti dzina liitanidwe, mupeza wina wasolola mpira wa wulu m'chikwama, singano zikugwira ntchito pakamwa pakuyenda nkhani.

Kwathu mtsikana sayamba ndi singano zogula. Amathyola timitengo tiwiri ta tsache, n'kusomola ulusi m'thumba lakutha, n'kukhala pafupi ndi mkulu wake kumaonera zala. Choyamba kuluka chimakhala kalamba kopanda mutu, kotakata uku kopyapyala uku, kamene amamangira mwana wake wa chitsononkho. Akakula pang'ono amakapempha masipoko awiri kwa wokonza njinga, n'kuwanola pamwala mpaka nsonga isalale. Ndaona majuzi a sukulu olukidwa ndi masipoko amene simungawasiyanitse ndi a makina. Wulu watsopano amagula ku Down Shops ku Chipata amene thumba lawalola. Ena onse amadziwa njira ina: kusankha juzi yaikulu ya salaula, yong'ambika pachigongono imene wogulitsa watsitsa mtengo, n'kukaimasula. Ulusi wotero umatuluka wopindikapindika, ndiye amaunyika m'madzi ofunda, kuuyanika atapachikako kamwala kuti uwongoke, kenako mwana amatambasula manja amake n'kumakulunga. Juzi imodzi ya bambo wa ku Ulaya imavalika ana atatu.

Pepala la malangizo palibe. Azakhali anga, amene sanapite patali ndi sukulu, ankayeza phazi la mwana ndi zala zawo, ndipo akaona maluko achilendo pa juzi ya munthu m'tchalitchi ankangoyang'anitsitsa msana wa mwiniwakeyo ulaliki wonse. Pofika Lachitatu maluko aja amakhala ali pa singano zawo. Ankaluka atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mdzukulu ali kumbuyo, diso lina ku mphale yoyanika kuti nkhuku zisajompheko, khutu ku mphika wa nyemba. Mlendo uja akanawaona akanati akugwira ntchito zinayi. Koma afunseni azimayi eni ake. Adzakuuzani kuti imeneyo ndiyo nthawi yopuma, pamene msana wawongoka ndipo nkhani za m'mudzi zikupendedwa.

Pali chinthu china chimene ndimachikonda kuposa zonse, ndipo sindikhulupirira kuti ku Edinburgh chiliko. Kwathu zovala za mwana wosabadwa sizionetsedwa. Mayi woyembekezera amaluka mobisa, n'kuika pansi pa sutikesi, ndipo wofunsa amayankhidwa kuti n'za mwana wa mnansi. Azakhali aja atazindikira kuti mkazi wa mwana wawo waima, sananene kanthu. Anangoyamba kachipewa kachikasu, mtundu woyenera mwamuna ndi mkazi yemwe, akuluka poyera pakhonde. Mtsikana uja podzawapatsa madzi anagwada n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, kachipewaka n'ka ndani?" Iwo osakweza maso anati, "N'ka mlendo, mwanawe. Alendo sauza tsiku." Nkhani yonse inathera pomwepo, aliyense wamva. Kachipewako kanaoneka pamutu tsiku limene khanda linatuluka m'chikuta.

Anamwino nawonso amadziwa phindu lake. Khanda limataya kutentha msanga, makamaka kumutu, ndipo mwana wobadwa masiku asanakwane, amene amamugoneka pachifuwa cha amake khungu kukhungu, amafunika chipewa ndi masokosi. Azimayi odikira tsiku lawo pafupi ndi chipatala amatha masabata akuluka, wodziwa akuphunzitsa wa mimba yoyamba.

Nanga kwa anzathu a ku Scotland aja? Kumeneko kuluka kwasanduka msika waukulu. Sokosi limafuna ulusi wake wapadera, ubweya magawo 75 pa 100 ndi nayiloni magawo 25 kuti chidendene chisabooke msanga, mpira wa magalamu 100 wotalika mamita pafupifupi 400, wokwanira peyala imodzi. Amagula a Regia kapena Opal a ku Germany, kapena wa nkhosa za merino wonyikidwa utoto pamanja, umene mtengo wake ungagule masokosi a m'sitolo a banja lonse. Ofuna kupota okha amaitanitsa makina opondera a Ashford kuchokera ku New Zealand. Kuyambira mu 2007 ali ndi Ravelry pa intaneti, kumene amagawana malangizo ndi kuonetsana zithunzi, ndipo kuyambira mu 2010 anthu amakwera ndege kupita ku zilumba za Shetland kukachita sabata yathunthu yokondwerera ubweya. Mu 2021 dziko lonse linaona Tom Daley, katswiri wodumphira m'madzi wa ku Britain, akuluka pabwalo la Olympics ku Tokyo, anthu n'kuombera m'manja ngati waona zachilendo. Oluka ambiri kumeneko ali ndi makabati odzaza ulusi umene sadzaumaliza mpaka kufa, ndipo amaseka okha za zimenezo. Munthu wa masokosi okwana mwezi wathunthu akulukabe ena, mwana wa mchemwali wake akukana kuvala chifukwa amayabwa.

Chimene amaiwala n'chakuti agogo awo ankaluka monga momwe azakhali anga ankalukira. Akazi a ku Shetland komweko ankaluka akuyenda, atabereka dengu la dothi loyaka limene ankasonkhera moto, ndipo zoluka zawo ankakasinthanitsa kwa amalonda ndi tiyi ndi katundu wina wa m'sitolo, ndalama osaiona. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 akazi ndi ana a sukulu a ku Britain ankalukira asilikali masokosi usana ndi usiku. Mpando wofewa ndi ana ogona m'chipinda chawochawo n'zadzana. Ntchito ya umphawi yasanduka chisangalalo cha olemera, ndipo tsopano akutembenuka kumvera chisoni amene akuigwirabe m'malo mwake.

Chisoni chimenechi chimafika patali. M'matchalitchi a ku Britain, Australia ndi New Zealand kwakhala kukuyenda pempho lolukira makanda a ku Africa timajuzi, ponena kuti ana athu amatuluka m'chipatala atakulungidwa m'nyuzipepala ngati nsomba yokazinga. Maiko a nkhondo ndi njala yoopsa sindiwalankhulira. Koma ku Chadiza kuno, mayi wosaukitsitsa amang'amba chitenje chake pakati mwana asanagone pa pepala, ndipo m'mudzi simusowa ambuya a singano. Amayi okalamba amene amaluka timajuzito mtima wawo ndi wabwino, sindikana. Akanatumiza ulusi wokhawokha, ndalama ya mtengatenga ikanachepa, ndipo juzi ikanalukidwa pa msinkhu wa mwana amene woluka wamunyamulapo.

Komabe akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa kuluka mayi uja analibe chotiphunzitsa. Pa kupota ndiye anandicheka, ngakhale iye sanadziwe.

Kuluka kwa singano ziwiri n'kobwera. Kunafika ndi akazi a amishoni, monga a Dutch Reformed amene anatsegula mishoni ya Nsadzu mu 1908, n'kufalikira kudzera m'Chigwirizano cha azimayi, m'makalabu a azimayi a pambuyo pa ufulu wa 1964 ndi m'maphunziro a zapakhomo kusukulu. Tinakulandira n'kukusandutsa kwathu. Koma kupota thonje sitinaphunzire kwa mzungu. Mpwitikizi Antonio Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe, anapeza anthu akulima thonje ndi kuomba nsalu zawo. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anaona Amang'anja akupota m'midzi yambiri, ndipo opotawo kawirikawiri anali amuna. Njere ankazichotsa pogudubuza kachitsulo pa thabwa, thonje n'kulimasula ndi kauta, kenako kulipota pa kamtengo kozungulira. Nsalu yake, machira, inali yokhuthala ndi yolimba, ndipo inkayenda pa malonda m'chigwa chonse cha Zambezi. Amene analibe machira ankasula nyanda ya khungwa la mombo. Kenaka kunabwera merikani ndi nsalu za ku Manchester zotsika mtengo, ndipo luso lija linazilala mwakachetechete mpaka adzukulu sadziwa n'komwe kuti linaliko.

Chopweteka n'chakuti thonjelo tikulimabe. Chigawo cha Kum'mawa ndicho chimatsogola pa thonje m'Zambia muno. Mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume amatenga mbewu ndi mankhwala pa ngongole, kupalira, kupopera, kutola ndi ana ake zala zikubayidwa, n'kukapereka mabelo ku kampani imene imayamba yadula ngongole yake. Kale wogula anali Lintco wa boma. Atagulitsidwa mu 1994 kunabwera Lonrho ndi Clark Cotton, pambuyo pake Dunavant, Cargill ndi makampani a ku China. Maina amasintha, njira ya thonje ndi imodzimodzi: lichotsedwe njere, lipanikizidwe, lochuluka lituluke m'dziko. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inatseka mu 2007 n'kukhala zaka zambiri zitseko zili chitsekere. Alimi ambiri atopa ndi mitengo athawira ku soya. Ndiye taonani: mayi amene watha mwezi akutola thonje akukwera basi kukagula wulu wa akiriliki, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, wochokera kutsidya kwa nyanja, kuti alukire mwana amene anagona pa mulu wa thonje kumunda. Mu October mwanayo thukuta lili kamukamu m'juzi ya pulasitiki, pamene ulusi wa thonje ukanamupitsa mphepo.

Wina adzati nkhosa zathu n'za mchira wamafuta, zilibe ubweya wometa, choncho za kupota tisiye kwa a ku Scotland. Ubweya si wathu, inde, ndipo sokosi la thonje silitambasuka ngati la ubweya. Koma shawelo, kachipewa ka m'chilimwe, kamalaya ka khanda ndi nsalu zoyala pa mipando zimakoma ndi thonje. Wina adzati nthawi ilibe. Nthawi yomwe ija ya pamphasa, ya pa chigayo podikira ufa, ya pa sikelo, ndi yokwanira. Kamtengo kopotera kamalowa m'chikwama chimodzi ndi singano. Mahatma Gandhi anapangitsa maloya ndi aphunzitsi a ku India kupota tsiku ndi tsiku kuti asiye kudalira nsalu za ku England. Ife sitikufuna kugwetsa ufumu wa munthu, tikungofuna kuti mwana avale za m'munda mwa amake.

Ndipo abambo asabisale kumbuyo kwa mawu akuti izi n'za akazi. Amene amaluka nkhokwe, madengu, malichero ndi mphasa za bango ndi ndani? Zala zimene zimapota luzi pa ntchafu sizingalephere thonje, ndipo makolo awo aamuna ndiwo anali eni ntchitoyi. Madzulo amene amathera pa nsolo ndi pa chibuku angatulutse mpira wa ulusi.

Kwa atsogoleri a Chigwirizano, a magulu a azimayi a Katolika ndi aphunzitsi a zapakhomo m'sukulu za kwa Mwangala, kwa Mlolo ndi kwa Zingalume, pempho langa ndi ili. Funsani nkhalamba za m'midzi mwanu, ndi za kutsidya kwa malire ku Mozambique, ngati alipo amene anaona thonje likupotedwa ali ana, ndipo muwaitane adzaonetse pa msonkhano wanu asanatisiye. Ngati sapezeka, mafoni amene ana anu amaonera mpira ali ndi makanema a anthu a ku India ndi ku West Africa akupota thonje pa kamtengo. Ndipo inu alimi, chaka chino mukabweza ngongole ya kampani, dengu limodzi la thonje loyera bwino litsale pakhomo.