Lole Ikapha Munthu, Banja Lisangokhala Chete

M'dera la Mfumu Mphuka ku Thyolo, malole onyamula tiyi, nkhuni ndi antchito sasowa pamsewu. Ngozi ikatenga bambo wapabanja, ambiri amangoti zinalembedwa. Mwini lole amathandiza pamaliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga ana amasiyewo adzadya chiyani mawa?

Malamulo a dziko lino amakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi. Ngati dalaivala anayendetsa mosasamala, mayi wamasiye ndi ana angathe kusumira iyeyo, mwini lole ndi kampani ya inshuwalansi ku Khoti Lalikulu ku Blantyre. Ku America chigamulo chotere amapereka ndi gulu la anthu wamba, koma kuno khoti lokha ndilo limawerengera chipukuta misozi, poona zaka za malemuyo ndi ndalama zimene ankapeza.

Mlandu wosumira dalaivala ndi mwini lole uyenera kuyamba zisanathe zaka 3, koma wosumira kampani ya inshuwalansi zisanathe zaka 2. Sungani lipoti la apolisi ndi kalata ya kuchipatala. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau.

Abale, kulandira ndalamazi si kusowa chipiriro. Qur'an, pa Surat An-Nisa ndime 92, ikulamula dipo kwa wopha mnzake mwangozi. Limeneli ndi gawo la amasiye, achibale asalilande.