eGoli ndi Joni: Maina Amene Mzinda wa Golide Udalandira kwa Anthu Wamba

Munthu akafika pamalo okwerera mabasi opita kunja mu Blantyre kapena mu Lilongwe n'kufunsa apaulendo kumene alinkulowera, ndi owerengeka okha amene angayankhe kuti akupita ku Johannesburg. Ambiri amangoti, "Ku Joni." Akawoloka mtsinje wa Limpopo n'kufunsa Mzulu za mzinda womwewo, iye adzautcha eGoli, pamene achinyamata obadwira momwemo amautcha Jozi. Mzinda ndi umodzi koma maina ndi ambiri, ndipo mwa onsewo limodzi lokha ndilo lidaperekedwa ndi boma. Enawo adabadwira m'kamwa mwa anthu wamba, makamaka amene adatsikira pansi pa nthaka kukakumba chuma chimene chidamanga mzindawo.

Chisanafike chaka cha 1886, pamalopo padali mafamu a Mabunu otalikiranatalikirana, pamtunda wamiyala wotchedwa Witwatersrand. M'chaka chimenecho munthu wina wofufuza miyala yamtengo wapatali, George Harrison, adapeza mwala wokhala ndi golide pa famu ya Langlaagte. Mbiri idawanda ngati moto wolusa m'chilimwe. Boma la Mabunu la Transvaal, limene mtsogoleri wake adali Paul Kruger, lidalengeza kuti malowo ndi a migodi, ndipo lidayeza mudzi pa kachigawo ka boma kotchedwa Randjeslaagte, kamene kadatsala pakati pa mafamu. Mudziwo lidautcha Johannesburg, ndiko kuti mudzi wa Johannes. Kufikira lero akatswiri a mbiri yakale amatsutsana kuti Johannes wake adali uti, pakuti akuluakulu awiri amene adatumidwa kukayendera malowo adali Johann Rissik ndi Christiaan Johannes Joubert, komanso Kruger mwini wake adali nalo dzina la Johannes. Podzafika 1896, patangopita zaka 10, anthu okhala pamenepo adali atapitirira 100,000, chonsecho panalibe nyanja kapena mtsinje waukulu woti n'kukopa anthu. Chimene chidawasonkhanitsa chidali chimodzi basi.

Anthu akuda amene adakhamukira kumeneko sadavutike ndi funso la Johannes. Iwo adautcha mzindawo potsata chimene chidawaitana. M'Chizulu, "e" wa kumayambiriro kwa dzina amagwira ntchito yonga ya "ku" m'Chichewa, ndipo "goli" adachokera ku liwu la Chingerezi lotchulira golide. Choncho eGoli ndiye kuti "ku golide". Asuthu ndi Atswana adachita chimodzimodzi: adatenga liwu la Mabunu lakuti "goud", nalisandutsa "gauta", ndipo malowo adawatcha Gauteng. Maina onse awiri adamangidwa pa mawu obwereka kwa eni migodi, ndipo onse awiri amanena poyera chimene dzina la boma silinena.

Koma khutu la Mchewa limamva china m'dzina la eGoli, pakuti m'Chichewa goli ndi mtengo wa mphanda umene kale ankamangira m'khosi mwa akapolo, ndiponso ndi mtengo umene amasenzetsa ng'ombe zokoka ngolo. Mawu awiriwa alibe chibale, adangofanana mwangozi. Komabe amene adagwirako ntchito kumeneko sakadadabwa nako kufananako. Golide wa ku Witwatersrand ndi wambiri, koma ndi womwazikana kwambiri m'thanthwe, kotero kuti pamafunika kuphwanya mulu waukulu wa miyala kuti papezeke kadontho kochepa, ndipo mzere wa mwalawo umalowa pansi mozama. Kwa zaka zambiri mtengo wa golide udali wokhazikika, eni migodi sakadatha kuukweza mmene afunira. Njira yopezera phindu imene adasankha idali kulemba antchito ochuluka pa malipiro ochepetsetsa, kuwasunga m'makomboni a amuna okhaokha, ndi kuwabweza kwawo nthawi ya pangano ikatha.

Apa ndi pamene mbiri ya mzindawu idakumana ndi mbiri ya dziko la Nyasaland. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 eni migodi adakhazikitsa bungwe lolemba antchito lotchedwa Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu adalifupikitsa nkumati Wenela. Amuna a ku Nyasaland, amene boma la atsamunda linkawafuna msonkho wa ndalama pamene ntchito zolipira bwino kunalibe, adayamba kulowera kumwera, ena kudzera mwa Wenela, ena paokha wapansi. Ambiri ochokera kumaiko otentha adafa ndi chibayo chifukwa cha kuzizira kwa kumtunda kuja, mpaka mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo ulendo udayambiranso mwamphamvu. Pambuyo pake Wenela adayamba kunyamula anthu pa ndege, kudzera ku Francistown m'dziko la Botswana.

Dzina lalitali la Johannesburg silidakhale bwino m'kamwa mwa apaulendowa. Ena adalipinda nkumati Jubeki, koma limene lidamera mizu ndi Joni. Anthu a kumwera kwa Mozambique, amenenso adapereka amuna ambirimbiri ku migodi, ali nalo dzina lomweli, ndipo obwerera kuchokera kumeneko amawatcha madjonidjoni. M'kupita kwa nthawi Joni adakula kuposa mzinda umene adachokerako: munthu wogwira ntchito ku Welkom, ku Durban ngakhale ku Cape Town, kwawo amangoti ali ku Joni.

M'midzi dzina limeneli lidali ndi nkhope ziwiri. Ku Joni ndiko kunkachokera njinga yakapalasa, wailesi, bulangete lolemera, jekete ndi sutikesi yachitsulo. Ndiko kunkachokera ndalama za malata, za ng'ombe ndi za sukulu. Mnyamata wobwerako ankayenda monyada, akusakaniza m'kulankhula kwake mawu a Fanakalo, chilankhulo cholamulirana pansi pa mgodi. Koma ku Joni komweko ndiko kunkachokera uthenga wa maliro opanda mtembo, ndi amuna otsokomola amene fumbi la miyala lidawadya m'mapapo. Ena sadabwerere konse, ndipo Chichewa chidawapezera dzina lawolawo: matchona. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Ogasiti 1946 antchito a m'migodi okwana pafupifupi 70,000 adanyanyala ntchito pofuna malipiro a mashiling'i 10 pa tsiku, koma apolisi adathetsa kunyanyalako ndi mfuti ndi zibonga pasanathe mlungu umodzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adali oposa 100,000. Tsono pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Pulezidenti Kamuzu Banda adalamula kuti kulemba anthu kuime, ndipo zikwizikwi za amuna zidabwerera kumudzi. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene anthu adalitcha Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pamene chidali kale. Mu 1988 njirayo idatsekeka chifukwa cha kusamvana pa nkhani yoyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Chotsalira chooneka ndi maso ndi dzina la Wenela, limene mu Blantyre likadali pamalo okwerera mabasi.

Naye golide adayamba kuchepa. Mu 1970 South Africa idakumba pafupifupi matani 1,000, kuposa maiko ena onse a pa dziko lapansi kuwaphatikiza pamodzi. Mu 2007 idapitiriridwa ndi China. Migodi ya mumzinda mwenimwenimo idatsekedwa kalekale, kusiya zitunda zachikasu za dothi lotsalira, ndipo chuma cha Johannesburg tsopano chagona pa mabanki, malonda ndi mafakitale. Koma dzina la golide silidachoke. Ndalama ya dzikolo, imene idayamba mu 1961, imatchedwa randi potsata Witwatersrand. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, chigawo chatsopano chokhala ndi Johannesburg ndi Pretoria chidapatsidwa dzina la Gauteng pasanapite nthawi yaitali, ndipo potero dzina la m'makomboni lidalowa m'mabuku a boma. Sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Egoli lidaonetsedwa kuyambira 1992 mpaka 2010.

Ngongole ya golideyo nayonso sidathe msanga. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza pangano lakuti makampani asanu ndi limodzi a migodi apereke marandi 5 biliyoni kwa amene adadwala nthenda ya fumbi ndi chifuwa chachikulu chifukwa cha ntchitoyo, kuphatikizapo a maiko oyandikana. Ambiri oyenera kulandira adali atamwalira kale.

Adzukulu a amuna a Wenela ndi Theba akupitabe ku Joni, amuna ndi akazi omwe, osati kukakumba golide koma kukagwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa, m'masitolo ndi pa zomangamanga. Mu Meyi 2008 chiwawa chodana ndi alendo chidabuka ku Alexandra, mumzinda womwewo, n'kufalikira kwina. Anthu 62 adaphedwa ndipo Amalawi ambiri adathawira kwawo. Sipadapite nthawi yaitali, mabasi adadzazanso. Ambiri mwa okwera mabasiwo sadziwa kuti Rissik kapena Joubert adali yani. Dzina limene amapita nalo ndi lija agogo awo adabwera nalo m'sutikesi yachitsulo.