Nyali za Galimoto Zikavuta: Kufufuza Pamene Pagona Vuto

Aliyense amene anayendapo usiku pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu nthawi ya chifunga amadziwa kuopsa kwa galimoto ya diso limodzi. Woyendetsa wochokera kutsogolo amaiyesa njinga yamoto, nazindikira kuti ndi lole atafika nayo kale pafupi. Okwera njinga zakapalasa ndi oyenda pansi ndiwo amakhala pa ngozi yoposa. Komatu vuto lotere nthawi zambiri limakhala laling'ono, loti mnyamata amene anamvetsa phunziro la magetsi ku sekondale angathe kulitulukira.

Choyamba ndi kudziwa m'mene nyaliyo inapangidwira. Galimoto zambiri zili ndi babu lotchedwa H4, limene linayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya m'chaka cha 1971. M'kati mwake muli timawaya tiwiri toyaka. Koyamba, ka mawati 60, kamaponya kuwala patali, ndipo madalaivala amakutcha fulu. Kachiwiri, ka mawati 55, kali ndi kachitsulo kotchinga kunsi kwake, motero kuwala kumagwera pansi ndi cha kumanzere kuti kusathobwe m'maso anzawo obwera kutsogolo. Kumeneku ndiye dimu. Babulo lili ndi miyendo itatu: wa fulu, wa dimu, ndi wachitatu wogwirira timawaya tonse tiwiri, umene m'galimoto zambiri umabweza magetsi ku chitsulo cha thupi la galimoto. Amakanika amautcha ethi.

Magetsi amachoka m'batire la mavoti 12, nadzera pa fyuzi, pa switchi, ndi pa kachipangizo kotchedwa relay, kenaka nalowa m'babu ndi kubwerera ku batire. Njirayi ikaduka paliponse, nyali imazima. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha; wofufuza ayambe wayang'anitsitsa chimene chikuyaka ndi chimene chazima asanamasule kanthu.

Dimu ikazima mbali imodzi yokha pamene fulu ikuyaka, kawirikawiri kawaya kamodzi kapsa m'babu. Umboni wake ndi wosavuta: asinthanitse mababu awiriwo. Vuto likasamukira mbali inayo, wolakwa ndi babu. Likatsala pomwepo, ayang'ane soketi ndi fyuzi, pakuti galimoto zina zili ndi fyuzi ya kumanzere ndi ya kumanja payokhapayokha.

Dimu ikazima mbali zonse nthawi imodzi, nkovuta kuti mababu awiri apsere limodzi. Pamenepo akayikire chimene nyali zonse zimadalira: fyuzi, relay kapena switchi. Relay yabwino imamveka kuti "the!" switchi ikatembenuzidwa, ndipo angathe kuiyesa poisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo, monga ya hutala. Fulu ikamayaka pokoka kandodo kophethiritsa nyali koma osakhazikika poyikankha, ndiye kuti switchi yeniyeniyo yatha m'kati.

Tsono pali vuto lina losokoneza ngakhale amisiri. Nyali imodzi imayaka mofiira, ngati muuni wa koloboyi, pa dimu ndi pa fulu pomwe. Apa gwero lake ndi ethi. Bauti yomangira waya ku thupi la galimoto ikachita dzimbiri, magetsi amasowa pobwerera, nadzera m'kawaya kachiwiri kufunafuna njira ina, motero timawaya tonse timayaka mofooka. Mankhwala ake ndi kumasula bautiyo, kupala dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, ndi kumanganso zolimba.

Mababu akamapsa pafupipafupi, ayeze mphamvu ya magetsi pa batire injini ikulira. Mita isonyeze mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5, ikapitirira 15, alitaneta ikutumiza magetsi oposa muyeso ndipo ndiyo ikupsereza mababuwo.

Pali zizolowezi zitatu zoyenera kupewa. Ena fyuzi ikapsa amamangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kuiwala kuti fyuzi inaikidwa kuti ipse yokha m'malo mwa galimoto yonse. Ena amagula mababu a mawati 100 pofuna kuwala kwambiri. Masamu ake ndi awa: babu la mawati 55 limakoka ma ampu pafupifupi 4.6, pamene la mawati 100 limakoka oposa 8, ndipo kutentha kwake kumasungunula soketi ndi mawaya. Enanso amagwira galasi la babu latsopano ndi zala. Mafuta a m'manja amatentha pagalasipo nafupikitsa moyo wa babulo. Aligwire ndi kansalu koyera.

Amene waphunzira kufufuza mwa ndondomeko yotere sagula zipangizo mongoyerekeza, ndipo sanyamuka usiku ndi diso limodzi poganiza kuti akonza mawa. Chigawo chotsatira chidzafotokoza m'mene nyali zimawongoledwera pa khoma kuti kuwala kugwere pa msewu, osati m'maso mwa ena.