Amisiri a Kuseri kwa Dashibodi

Galimoto zambiri zimene zimathinana pa Great East Road mu Lusaka m'mawa zinabadwira ku Japan. Zinatsika sitima pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, zina zinadzera ku Durban kapena ku Walvis Bay. Mwini galimoto akailandira amasangalala masiku angapo, kenako amayamba kudandaula za wailesi. Pa sikirini pali zilembo za Chijapani zokhazokha, mapu akuonetsa misewu ya kwawo komweko, ndipo batire likangochotsedwa kamodzi, makina ena amakaniratu kuyaka mpaka uwapatse kakhadi ka mapu kamene kanatsala kutsidya kwa nyanja.

Ngakhale iyake bwinobwino, wailesiyo imamva khutu limodzi. Makina akale a ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kukafika pa 90, ndipo makina atsopanoko amafika pa 95. Kuno timayambira pa 87.5 mpaka 108. N'chifukwa chake munthu amagwira Hot FM pa 87.7 ndi Radio Phoenix pa 89.5, koma akafuna Komboni Radio pa 94.9 wailesi yakale ija imangoti zii. Ena amaikitsa kabokosi kotchedwa expander pakati pa eriyo ndi wailesi, kamene kamatsitsa manambala kuti alowe m'malire a Chijapani. Kamathandiza ndithu, kungoti nambala ya pa sikirini imasanduka yabodza ndipo masiteshoni ena amakwerana. Ambiri amatopa nazo, n'kukagula Pioneer, Sony, Kenwood kapena sikirini ya Android yochokera ku China. Apa m'pamene pamadyera amisiri a magetsi a galimoto, amene anthu a mu Lusaka amangoti "wa auto".

M'tauni, chakumasitolo a Freedom Way, Cha Cha Cha Road ndi Kamwala, sumachita kuwafunafuna. Ukangotuluka m'sitolo utanyamula katoni, mnyamata wakufikira kale: "Bosi, tikuikileni?" Ku Kabwata ndi ku Chelstone amakhala pafupi ndi misika ndi malo otsukira galimoto, pansi pa mtengo kapena pakashedi ka malata, ndipo kumeneko munthu amadya mbiri yake, chifukwa kasitomala ndi mnansi amene adzabweranso mawa zinthu zikavuta. A ku Woodlands ndi Kabulonga kawirikawiri amaitanitsa mmisiri pafoni kuti akagwirire m'kati mwa mpanda. Ndalama yake ndi yabwinoko, koma galimoto zake n'zosachedwa kukwiya. Mu Mercedes, BMW kapena Land Cruiser yatsopano wailesi imalankhulana ndi makompyuta a galimoto, moti ukaizula mwachisawawa, mabatani a pachiwongolero ndi kamera yobwerera m'mbuyo zimafera limodzi.

Alipo amene anapita kusukulu za ntchito zamanja n'kulemba mayeso a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Ambiri ndithu anayamba ngati sipanala boyi, kugwirira amdala tochi ndi kuthamangira tepi kusitolo. Pepala ndimalilemekeza, koma ine ndimayang'ana chimene mmisiri wayamba kutulutsa m'chikwama. Akatulutsa multimeter, mtima umakhala pansi. Akayamba ndi pulayala yodulira, ndimayamba kuwerengera zimene nditaye.

Wailesi zogula padera zimagwirizana pa mitundu ya mawaya. Wachikasu umakhala ndi moto nthawi zonse kuti wailesi isaiwale masiteshoni ndi wotchi. Wofiira umalandira moto pokhapokha ukatembenuza kiyi. Wakuda ndi wa earth, umamangidwa pa chitsulo cha galimoto. Wabuluu wa mzera woyera umadzutsa amplifaya. Otsalawo ndi a masipika, awiriawiri: oyera ndi otuwa kutsogolo, obiriwira ndi apepo kumbuyo. Mwana wa sukulu angaloweze zimenezi tsiku limodzi. Vuto n'lakuti opanga galimoto sanavomere nawo pangano limeneli. Pa ma Toyota ambiri akale, waya wa earth ndi wabulawuni, ndipo wotuwa ndi umene umabweretsa moto wa pa kiyi. Wongofananitsa mitundu amatenga wotuwa wa wailesi, umene ndi wa sipika, n'kuumanga pa wotuwa wa galimoto, umene uli ndi mavoti 12. Wailesi yatsopano imapsa isanaimbe nyimbo ngakhale imodzi.

Mmisiri wodziwa amamva matenda kasitomala asanamalize kufotokoza. Wailesi ikamaiwala masiteshoni injini ikazima, ndiye kuti wachikasu wamangidwa pa moto wa pa kiyi, kapena wasinthana ndi wofiira, zimene zimachitika kwambiri pa ma Volkswagen chifukwa pulagi yawo imasinthanitsa mawaya awiriwa. Kukamamveka kamluzu kokwera ndi kutsika motsatira mafuta amene ukuponda, ndi phokoso la alitaneta likulowera pa earth yomangidwa pa penti kapena pa dzimbiri, mwinanso zingwe za mawu zagonekedwa limodzi ndi waya wamkulu wa moto. Nyimbo zikamveka zowonda, besi kulibe, sipika imodzi yamangidwa chosemphanitsa, moti ina ikamakankha mpweya inzake ikukoka. Poyesa amangogunditsa kabatire ka tochi ka mavoti 1.5 pa mawaya n'kuona kumene sipika yadumphira.

Matenda oipitsitsa ndi amene saoneka tsiku lomwelo. Ine zinandionekera. Ndinaikitsa wailesi Loweruka lina m'tauni, ndinabwerera ku Chelstone nyimbo zili pamwamba, ndipo Lolemba m'mawa galimoto inangoti kwe kwe, osalira. Ndinagula batire latsopano, patapita masiku angapo nalonso linagona. Amdala ena a ku Kabwata ndiwo anamasula waya wa pa batire, n'kulowetsa multimeter pakati, galimoto ili yozima. Kenako anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala inagwa. Atatsegula dashibodi tinapeza wofiira ndi wachikasu apotedwa pamodzi pa moto wosazima, pulagi ya fakitale yadulidwa n'kutayidwa, tepi yayamba kale kumatuka ndi kutentha. "Mwana wanga, batire lanu lakale lija linalibe mlandu," anatero uku akuseka. Sanaonjezere china, anangoyamba kuwotcherera waya uliwonse pawokha.

Ntchito yambiri ya amisiri okhwima ndi imeneyi, kukonza za anzawo. Kasitomala amalipira zimene wamva ndi makutu. Wopota mawaya ndi zala amamaliza mu theka la ola, wowotcherera ndi kufunafuna adaputa yolowa mu pulagi ya fakitale amatha maola awiri, koma dashibodi ikatsekedwa zonse zimaimba chimodzimodzi. Ndiye pokambirana mtengo wachanguyo ndi amene amapambana. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kumakhala maola ambirimbiri opanda magetsi, ngakhale ofuna kuwotcherera ankachita kudalira chowotchera cha gasi kapena cholumikiza ku batire.

Madalaivala a minibasi ndi makasitomala amtundu wawo. Amafuna besi yomveka basi isanafike pa siteshoni. Hiace sivuta, ndi ya mavoti 12. Koma Rosa ndi Coaster za dizilo zimayendera mabatire awiri, mavoti 24, ndipo wailesi imafuna kabokosi kotsitsa moto. Wofuna zotchipa amangokoka waya pa batire limodzi. Limenelo limatha msanga, linzake limakhuta mopitirira, ndipo pakapita miyezi dalaivala amagula onse awiri uku akutukwana wogulitsa mabatire.

Pali mawaya amene mmisiri wanzeru sawakhudza n'komwe. Mapulagi achikasu pansi pa chiwongolero ndi pansi pa mipando ndi a airbag, ndipo kuwagunda ndi tesita ya babu kungaphulitse chikwamacho kumaso. Mu Aqua, Prius ndi Fit za hybrid, zimene zachuluka m'misewu masiku ano, zingwe za mtundu wa lalanje zimanyamula mavoti opitirira 100. Nanga fyuzi? Ikapsa kawiri ndiye kuti penapake waya wasupuka n'kukhudza chitsulo. Kuikapo yaikulu, kapena kukulunga kawaya m'malo mwake, n'kusandutsa waya wonsewo kukhala fyuzi, ndipo uwo umapsera pansi pa kapeti. Waya wamkulu wopita ku amplifaya ya m'buti umafunanso fyuzi yakeyake pafupi ndi batire penipeni, osati kumbuyo, komanso kalabala pabowo pamene ukuboola chitsulo kulowa m'kati.

Amdala a ku Kabwata aja ali ndi chitini chakale cha penti pansi pa benchi. Muli mapulagi a fakitale amene amatola m'galimoto zophwanyika, a Toyota, a Nissan, a Honda, iliyonse ndi timawaya take totsalira. Imodzi mwa iwo ili kuseri kwa dashibodi yanga.