Usiku Umodzi Umene Umaweruza Khofi

Munthu akakhala pa msika wa Malomo m'miyezi yachisanu amamva anthu akukamba za fodya, soya ndi mtedza. Koma akakwera kumapiri a Ntchisi, kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa, amapeza mbewu ina imene ambiri a ife timangoidziwira m'kapu: khofi. Lero ndifuna tikambirane za ntchito imene imachitika khofiyo atathyoledwa, pakuti apa ndi pamene mlimi amapindulira kapena kutayira thukuta lake.

Khofi si mlendo m'dziko muno. M'chaka cha 1878 amishoni a ku Scotland anabweretsa mbande zake ku Blantyre kuchokera ku Edinburgh, ndipo pofika 1900 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsidwa kunja. Pambuyo pake mitengo inagwa chifukwa cha kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil, tizirombo tinasakaza minda, ndipo azungu a m'maesiteti anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. M'chaka cha 1971 Boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority. Mu 1999 ntchito yake inaperekedwa m'manja mwa alimi eniake, ndipo mu 2007 kunabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano umene alimi a Ntchisi East analowamo pamodzi ndi anzawo a ku Misuku, Phoka ndi Viphya.

Tsono mtengo wa khofi umatenga zaka pafupifupi zitatu kuti uyambe kubereka. Mlimi amausamala nthawi yonseyo, koma kukoma kwa khofi wake kumaweruzidwa m'masiku ochepa chabe.

Choyamba ndi kuthyola. Zipatso zofiira zokha ndizo ziyenera kulowa m'dengu. Zaziwisi zimawawitsa khofi, ndipo zakupsa kwambiri zimamununkhitsa. Zikafika pamalo osendera zimathiridwa m'madzi. Zoyandama zimachotsedwa, chifukwa kawirikawiri zimakhala zopanda kanthu m'kati kapena zobooledwa ndi tizirombo. Zomira zimapita ku makina ochotsa makoko tsiku lomwelo, pakuti chipatso chogona m'thumba chimatentha ndi kuyamba kuola.

Makoko akachoka, njere zimatsala zitakutidwa ndi zoterera zotsekemera zonga therere, zimene sizichoka ndi madzi okha. N'chifukwa chake khofi amavundikidwa m'thanki. Amayi athu amaidziwa kale nzeru imeneyi: amaviika mphale kufikira itafewa, ndipo amazindikira ndi dzanja ndi mphuno kuti yakwana. M'thanki ya khofi tizilombo tosaoneka ndi maso, monga yisiti ndi mabakiteriya, timadya shuga ndi kusungunula zotererazo. Kukatentha ntchitoyi ikhoza kutha usiku umodzi. M'mapiri ozizira ikhoza kutenga masiku awiri kapena atatu. Wotchi yokha siikwanira. Mlimi atape njere m'dzanja, azitsuke ndi kuzifikisa: zikamaterera, nthawi siinakwane, zikamakhula ndi kulira ngati timiyala ta mumtsinje, azitsuke msanga ndi madzi oyera.

Pamenepa ndi pamene pagona ngozi. Khofi wovundikidwa mopitirira amasasa ndi kutulutsa fungo loipa, ndipo njere zochepa zotere zikhoza kuononga thumba lonse. Popeza alimi a m'kopaletivi amasonkhanitsa zipatso zawo pamodzi, ulesi wa munthu mmodzi umatsitsa mtengo wa mudzi wonse. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ngakhale thanki yosatsukidwa bwino, yosunga njere za dzulo m'ngodya, ikhoza kuchita zomwezo.

Khofi wotsukidwa amayanikidwa pa mathandala okwera, osati pansi, chifukwa amatenga fungo la dothi ndi utsi. Amatembenuzidwa kawirikawiri, nafunditsidwa usiku ndiponso dzuwa likaswa mtengo, kufikira chinyezi chitatsika pa 11 kapena 12 peresenti. Izi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Iliponso njira ina, yofala ku Ethiopia ndi ku Brazil, yoyanika chipatso chathunthu ndi khoko lake kwa masabata atatu kapena anayi. Njirayi siifuna madzi ambiri, koma imafuna maso, pakuti nkhungu ikalowa zonse zatayika.

Tisaiwale masamu ake: makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wogulitsidwa kunja. Makoko otsala ndi manyowa abwino akaola, koma madzi otsukira asaloledwe kubwerera mumtsinje umene anthu akumunsi amamwa.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukuyang'ana ku Lilongwe, ndikuti ntchito iyi ikufuna munthu wodziwa kulemba: nthawi imene khofi walowa m'thanki, nthawi imene watuluka, kulemera kwake ndi nyengo ya tsikulo. Ndipo kwa aphunzitsi anzanga, phunziro la yisiti limene timalemba pa bolodi likuchitika m'mapiri athu omwewa. Tiwatengere ana kumeneko akafikise njere ndi manja awo.

Sabata ya mawa tidzakamba za mbozi yoboola tsinde la khofi ndi za mitengo ya mthunzi.