Dzanzi la m'mapazi ndi magetsi a m'thupi mwathu

Ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, madzi a wudhu m'mwezi wa June amazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Dzanzi lotere limatha swala ya m'bandakucha isanathe. Koma lilipo lina losamva kufunda: mapazi kuotcha usiku, kunyerenyesa, nsapato kuvuka mwini wake osamva. Ambiri amafulumira kunena kuti aponda mankhwala, chonsecho vuto lili m'mitsempha, ndipo madotolo ali ndi njira yoliyezera.

Tisasokoneze, abale. Pali mitsempha ya magazi, palinso mitsempha yonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Uthengawo umayenda ngati magetsi. Asodzi a mumtsinje wa Shire sangadabwe, pakuti amaidziwa nsomba ya nyesi. Allah adaikanso magetsi otere mwa ife, koma ochepetsetsa. M'chaka cha 1850, Hermann von Helmholtz wa ku Germany adayeza liwiro lake mumtsempha wa chule. M'mkono wa munthu wathanzi uthenga umathamanga mamita oposa 50 pa sekondi imodzi.

Poyeza, dotolo amamata timawaya pakhungu nagwedeza mtsempha ndi kamphamvu ka magetsi, kothwanima pang'ono chabe. Uthenga ukafika mochedwa, ndiye kuti chikuto cha mtsempha chaperepeseka. Ukafika wofooka, ulusi wa m'kati ndiwo ukufa. Kenaka pamabwera kuyeza kotchedwa EMG, kolowetsa kasingano mumnofu. Apa dotolo amagwiritsa ntchito makutu. Mnofu wabwino ukamapuma umakhala chete. Umene mtsempha wake wafa umanjenjemera wokha, makina nkumalira ngati mvula pa denga la malata. Motero zimadziwika ngati nthenda ili mumnofu kapena mumtsempha.

Makinawa sanena chimene chaononga mtsempha. Chimenecho dotolo amachifufuza mwa kufunsa ndi kuyeza magazi. Kuno kwathu kawirikawiri ndi nthenda ya shuga. Khate nalo limadya mitsempha, monga adaonera akatswiri amene adayamba kulifufuza ku Karonga mu 1979. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatero ndithu, nchifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Ma ARV akale okhala ndi stavudine adasautsa mapazi a anthu ambiri, mpaka boma lidayamba kuwasiya mu 2011.

Si aliyense wa dzanzi afunika makinawa. Pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, kapena chapafupi ndi kwanu kunyanjako, yambani ndi kuyezetsa shuga, ndipo tengani mankhwala onse amene mukumwa akawaone. Pochita wudhu, yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala ngati pali bala, nkupukuta bwino. Ndipo agogo amene mapazi awo samva musawasiye okha pa mbaula, angapse mpaka matuza iwo akungocheza.